Opanga magemu azilankhula kangati ndi anthu amene akudikira?

Aliyense amene anatumizapo ndalama kuchokera ku Joni kuti abale amumangire nyumba kumudzi akudziwa kuwawa kwa foni yosalira. Mwezi woyamba zithunzi zimabwera pa WhatsApp: njerwa zaumbidwa, maziko akumbidwa, simenti yafika. Kenako zii. Munthu umayamba kudzipangira wekha nkhani m'mutu, ndipo sizikhala nkhani zabwino. Ndagwira ntchito zaka zingapo m'timagulu ting'onoting'ono topanga magemu a pakompyuta ndi a pafoni, ndipo gawo lina la ntchito yanga lakhala kulemba mauthenga ouza osewera pamene ntchito yafika. Ndaona kuti mtima wa munthu wodikira gemu sumasiyana kwenikweni ndi wa mwini nyumba uja.

Funso lakuti tizilankhula kangati limavutitsa mbali zonse ziwiri. Osewera amati tikubisa zinthu. Ife timati sakutipatsa mpata wogwira ntchito. Ine ndisanayankhe ndimafunsa kaye kuti: kodi anthu akudikirawo atulutsa kale ndalama m'thumba? Ngati atulutsa, ndiye kuti muli nawo ngongole, ndipo wangongole sayenera kusowa. Ngati sanatulutse, muli ndi ufulu wokhala chete mpaka mutakhala ndi choonetsa. Zambiri zimene nditanene zapachikika pamenepa.

Koma mumvetse kaye chifukwa chake opanga magemu amakhala chete ngakhale ali ndi mtima wabwino. Gemu sikula ngati chimanga, choti ungaime m'mbali mwa munda n'kuona kuti sabata ino chafika m'mawondo. Pali masabata ena amene wojambula amamaliza chilombo chatsopano kapena mudzi wokongola, ndipo choonetsa chimakhalapo. Koma pali miyezi yathunthu imene ntchito yonse ndi yosaoneka: kukonza kuti gemu izikumbukira pamene wosewera analekezera, kuipepukitsa kuti isamaime pafoni yotchipa, kusakasaka cholakwika chimene chimatuluka kamodzi munthu akasewera kambirimbiri. Ntchito imeneyi ndi yolemetsa kuposa kujambula chilombo, koma chithunzi chake palibe. Chinanso n'chakuti timataya zinthu zambiri. Gawo limene mwalimanga miyezi iwiri mukhoza kuliyesa n'kupeza kuti silikoma, n'kulichotsa lonse. Ngati munalionetsa kale, osewera analilemba m'mitima mwawo kuti ndi lonjezo.

Anthu akamanena za kulankhula pafupipafupi amakonda kutchula Factorio, gemu yomanga mafakitale yopangidwa ndi kampani ya Wube Software ya ku Prague, m'dziko la Czech Republic. Kuyambira mu 2013 anthuwa ankalemba nkhani Lachisanu lililonse, yotchedwa Friday Facts, ndipo pofika pa 14 August 2020, tsiku limene anatulutsa gemu yomalizidwa, anali atalemba nkhani zoposa 350. Ndinawerenga zambiri mwa izo, ndipo chimene chimandigwira mtima si kuchuluka kwake. Ankalemba za mavuto enieni a ntchito: chifukwa chimene malamba onyamula katundu a m'gemumo ankalemetsera kompyuta, mmene anawakonzera, zimene anayesa n'kulephera. Munthu umamaliza kuwerenga utaphunzira kanthu, ngakhale sabata imeneyo kunalibe chatsopano chosewera.

Nanga n'chifukwa chiyani zinatheka kwa iwo? Gemuyo inali kale m'manja mwa anthu, ogula ankaisewera ikadali yosatha, choncho zolembedwazo zinali za chinthu chimene owerenga ankachidziwa ndi manja awo. Anthu angapo a m'kampanimo ankasinthanasinthana kulemba, mtolo sunali pamutu pa munthu m'modzi. Ndipo pali chinthu chimene ambiri amaiwala akamawatamanda: gemu itatuluka anasiya kulemba sabata ndi sabata. Anakhala nthawi yaitali akungolankhula mwa apo ndi apo, n'kudzayambiranso mu August 2023 pamene analengeza gawo loonjezera lotchedwa Space Age, limene linatuluka mu October 2024. Nkhani itachepa anachepetsanso pakamwa. Ine ndimaona kuti nzeru yawo yaikulu ili pamenepo.

Gulu lina limene ndinagwira nalo ntchito linayesa kutsanzira zimenezi. Tinali anthu atatu. Tinauza otitsatira kuti Lachisanu lililonse adzamva kwa ife. Miyezi iwiri yoyamba zinayenda. Koma uthenga umodzi wabwino umadya nthawi: kujambula zithunzi, kudula kakanema, kulemba, kuwerenganso, kenako kuyankha mafunso amene amabwera. Tsiku lathunthu linkapita. Anthu atatu ogwira ntchito masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 15, ndiye limodzi la masiku amenewo linkathera pa kufotokoza ntchito m'malo moigwira. Choipa kwambiri chinabwera mwezi wachitatu. Tinayamba kusankha ntchito potengera zimene zidzaoneke bwino Lachisanu. Zovuta zosaoneka zija tinkazikankhira kutsogolo, n'kumapanga tinthu tokongola toti tijambule. Uthenga unayamba kulamulira gemu. Titazindikira tinasiya kulemba, osanena chifukwa, ndipo anthu anaganiza kuti ntchito yafa. Cholakwa chathu choyamba chinali kulonjeza liwiro limene tinaliyeza pa mwezi wabwino. Chachiwiri, chimene chimandipwetekabe, chinali kusowa osatsanzika.

Komabe kuchuluka kwa mauthenga si kumene kumavulaza kwambiri. Chimene chimavulaza ndi mawu amene ali m'katimo. No Man's Sky, gemu yoyendera mapulaneti yopangidwa ndi kagulu ka Hello Games ka ku Guildford ku England, inatuluka mu August 2016 anthu ali ndi chiyembekezo chachikulu zedi. Mtsogoleri wa kaguluko, Sean Murray, anali atalankhula m'malo ambiri, mpaka pa pulogalamu ya pakanema ya Stephen Colbert ku America, akufotokoza zimene gemuyo idzakhale nazo. Anthu anamva kuti osewera awiri akafika malo amodzi adzaonana. Gemu itangotuluka, awiri anakumanadi pa pulaneti limodzi koma sanaonane. Mkwiyo unali woopsa. Kaguluko kanakhala chete pafupifupi miyezi itatu, kenako kumapeto kwa November kanatulutsa zoonjezera zoyamba zaulere. Kusewera pamodzi kwenikweni kunabwera mu July 2018. Kuchokera nthawi imeneyo amakonda kulengeza chinthu chikakhala kuti chatsala pang'ono kutuluka, ndipo anthu ambiri amene anawatukwana anabwerera.

Chichewa chathu chimatithandiza kuona vuto limeneli bwinobwino. Pali kusiyana pakati pa "tachita" ndi "tidzachita", ndipo kusiyana konseko kwagona pa ka "dza" kakang'onoko. Wopanga gemu akamanena kuti "tidzaika maboti" mumtima mwake akutanthauza kuti akufuna, ndipo ayesa. Wosewera amamva kuti maboti aliko. Ine ndikamaliza kulemba uthenga ndimawerenga ma "dza" onse amene alimo, n'kufunsa anzanga pa lililonse ngati tingaike dzanja pamoto. Ambiri amachotsedwa. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo pa ntchito yathuyi lonjezo loopsa kuposa onse ndi tsiku lotulutsira gemu.

Gemu ya Cyberpunk 2077 ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Warsaw inalengezedwa kuti idzatuluka pa 16 April 2020. Tsikulo linasunthidwa kupita pa 17 September, kenako pa 19 November, kenako pa 10 December. Itatuluka inali ndi zolakwika zambiri pa makina akale, moti Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti ya PlayStation ndipo inabwereramo mu June 2021. Tsiku likalengezedwa poyera limasanduka chingwe chimene chimakoka aliyense m'kampani, ndipo amene amachimva m'khosi ndi antchito ogona mochedwa kuti alikwaniritse. Kulisuntha kumachititsa manyazi, kusalisuntha kumabala gemu yosapsa. Njira yabwino ndi kusalitchula mpaka ntchito yotsala ikhale yowerengeka ndi zala.

Musanyengedwenso ndi phokoso. Gemu ya Star Citizen inayamba kutolera ndalama kwa anthu mu 2012, ikuyembekezeka kutha mu 2014. Eni ake amatulutsa makanema ndi malipoti mosalekeza, atolera madola oposa 700 miliyoni, koma patadutsa zaka zoposa khumi gemuyo inali ikadali yoyeserera. Mauthenga ambiri satanthauza kuti ntchito ikutha.

Ndiye pali Team Cherry, kagulu kochepa zedi ka ku Adelaide ku Australia. Kanalengeza Hollow Knight: Silksong mu February 2019, n'kukhala zaka zambiri kakungolankhula mawu owerengeka. Osewera ankadikira pa chionetsero chilichonse cha magemu n'kubwerako manja ali m'khosi. Tsiku lotulukira linanenedwa kutatsala milungu iwiri yokha, ndipo gemu inatuluka pa 4 September 2025, anthu n'kuigula mothithikana mpaka Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inavutika kwa maola angapo. Ena amatenga nkhani imeneyi ngati umboni wakuti kukhala chete kulibe vuto. Ine ndimaiona mosiyana pang'ono. Kaguluka kanali kale ndi gemu yoyamba, Hollow Knight, imene anthu mamiliyoni anaikonda, kanali ndi ndalama zodzilipirira, ndipo unyinji wa odikirawo unali usanapereke kalikonse. Gulu latsopano lilibe nkhokwe ya chikhulupiriro yoteroyo. Komanso panali anthu oposa 2,000 amene anasonkha ndalama zopangira gemu yoyambayo mu 2014 pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, amene analonjezedwa gawo limene linadzakula n'kukhala Silksong. Amenewo, mwa kuona kwanga, ankayenera kumva mawu pafupipafupi kuposa mmene anamvera, ngakhale mapeto ake anali abwino.

Tsono malangizo amene ndimapereka kwa timagulu tating'ono ndi awa. Ngati simunatenge ndalama ya munthu, lankhulani mukakhala ndi chinthu chogwirika, ndipo musachite manyazi ndi bata. Gemu ya Apex Legends inalengezedwa ndi kutuluka tsiku limodzimodzi, pa 4 February 2019, ndipo palibe anadandaula kuti sanauzidwe msanga. Koma ngati anthu asonkha pa Kickstarter, kapena agula gemu yosatha kudzera mu njira imene Steam imaitcha Early Access, kamodzi pa mwezi ndiye muyeso wabwino. Mwezi ndi wautali mokwanira kuti pakhale chenicheni chonena, komanso ndi waufupi moti munthu sayamba kuganiza kuti mwathawa ndi ndalama zake. Sankhani sabata yodziwika, nenani poyera, ndipo muisunge ngakhale mwezi wa maliro ndi matenda. Sabata ndi sabata isiyireni magulu amene ali ndi munthu wolembedwera ntchito imeneyo, kapena amene gemu yawo ikusintha m'manja mwa osewera masiku onse, monga mmene kampani ya Mojang imachitira potulutsa Minecraft yoyeserera pafupipafupi. Nthawi iliyonse imene mwasintha kanthu m'gemu imene anthu akusewera kale, lembani zimene mwasintha tsiku lomwelo, ngakhale zikhale mizere inayi.

Nkhani yoipa yokha ndiyo siyenera kudikira kalendala. Mukadziwa kuti tsiku silitheka, kapena kuti chinthu chimene munalonjeza chachotsedwa, nenani sabata yomweyo, ndi chifukwa chake, m'mawu a munthu. Osewera amakwiya tsiku limodzi kapena awiri akamva kwa inu. Akadzitulukira okha, mkwiyo wake umatenga zaka, chifukwa pamenepo nkhani siikhalanso ya kuchedwa, imakhala ya bodza.

Kwa inu osewera ndili ndi pempho limodzi. Poyeza gulu limene mwaliikira ndalama, musawerenge kuchuluka kwa mauthenga. Tengani uthenga wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, muone zimene ananena kuti achita, muyerekeze ndi zimene zilipo lero. Ndipo dziwani kuti ku mbali inayo ya uthenga kuli munthu amene amawerenga mawu anu onse, kuphatikizapo otukwana. Ndaonapo anzanga aluso akusiya kulankhula ndi osewera kotheratu, osati chifukwa chobisa kanthu, koma chifukwa chakuti uthenga uliwonse unkabwera ndi chipongwe chimene chinkawagonetsa opanda tulo.

Mwezi wovuta kwambiri kulemba ndi uja wopanda chithunzi. Masiku ano ndikafika pa mwezi wotere ndimalembabe, ndime ziwiri kapena zitatu basi. Ndimanena kuti mwezi uno wathera pa cholakwika chimene chimafufuta zimene wosewera wasunga, kuti tapeza gwero lake koma sitinamalize kuchikonza, kuti gawo lachitatu limene tinaonetsa mu March talichotsa chifukwa oyesa onse anatopa nalo, ndi kuti mudzamvanso kwa ife sabata yoyamba ya mwezi wamawa. Mayankho amene amabwera pa uthenga wotere amakhala ochepa, koma kawirikawiri mwa iwo mumapezeka wina amene anakumana ndi cholakwika chomwecho pa foni yake, n'kutiuza zimene anachita chisanachitike.