Wachibale akakhala pa dayalisisi: zoti a pakhomo adziwe

Impso zikasiya kugwira ntchito, madzi ndi zoipa zoyenera kutuluka ndi mkodzo zimangodzadza m'thupi. Makina a dayalisisi ndiwo amasefa magaziwo, kawiri kapena katatu pa sabata, maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse. Kwathu kuno ku Zimbabwe chithandizochi chilipo kuzipatala za Parirenyatwa, Sally Mugabe komanso Chitungwiza Central. Matendawa sapatsirana, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi BP kapena shuga.

Ntchito yaikulu ili kukhitchini, ndipo apa ndi pomwe chikondi chathu chimatha kuvulaza. Ife timati wodwala amwe zambiri kuti apeze mphamvu. Kwa wodwala impso ayi. Tiyi, phala, mahewu, msuzi wa ndiwo, zonsezi ndi madzi, ndipo zisapyole mlingo womwe adokotala anena. Madzi akachuluka miyendo imatupa, ena amakalowa m'mapapo munthu n'kumabanika. Mchere uchepe, chifukwa ndiwo umabweretsa ludzu.

Nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata zili ndi potaziyamu wambiri, yemwe akachuluka m'magazi angathe kuimitsa mtima popanda chenjezo. Mbatata ndi masamba muziduladula, kuwiritsa m'madzi ambiri, n'kutaya madziwo. Kapenta, chiponde, mkaka ndi Coca-Cola nazo n'zofunika kufunsa kaye. Alendo obwera kudzazonda matenda, kaya a kumpingo kaya achibale a ku Mbare kapena ku Mufakose, auzeni mwaulemu kuti m'malo mwa zipatso athandizeko ndalama ya kombi. Zitsamba ndi mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac asamwe adokotala asanavomereze.

Mkono womwe anaikapo fistula (malo omwe madokotala analumikiza mitsempha kuti makina azikokerapo magazi) musauyeze BP, musautengepo magazi, asaugonere kapena kunyamulira ndowa. Tsiku lililonse gwirani pa fistulapo, muzimva kunjenjemera pang'ono. Kukasiya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati ali ndi kapaipi pakhosi kapena pachifuwa, kasanyowe posamba.

Za kuikidwa impso ina, ambiri amapita ku India kapena ku South Africa, ndipo kusonkhanitsa ndalama ndi kupeza wopereka kumatenga nthawi. Munthu wathanzi amatha kukhala bwino ndi impso imodzi, koma amayamba wayezedwa gulu la magazi ndi thanzi lake lonse. Chonde, pasakhale kukakamizana pa msonkhano wa banja. Mwana kapena mlongo wokana asasalidwe. Kumbukiraninso kuti opaleshoni ikatha, mankhwala oteteza impso yatsopanoyo ndi omwa moyo wonse, choncho nawonso alowe m'mawerengero a ndalama.

Podikirapo, asadumphe tsiku la makina ngakhale kutagwa maliro. Gawanani masiku omuperekeza, mayi mmodzi asatope yekha, ndipo ana auzidwe zoona molingana ndi msinkhu wawo. Akayamba kubanika, kutentha thupi, kusokonezeka mutu kapena kutaya magazi pa fistula, musadikire kuti kuche. Panikizani potuluka magazipo ndi nsalu yoyera, thamangirani naye kuchipatala.