Lekani kupachika nyimbo kumapeto kwa sewero

Inu a magulu a zisudzo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, cholakwa chimodzi chikubwerezedwa chaka ndi chaka m'masewero a madzi osefukira. Sewero lonse anthu alankhula, akangana, kenaka pomaliza onse afola mzere n'kuyamba kuimba kuti tiyeni tisamukire kumtunda. Chimenecho ndi chilengezo chongochiimbira ng'oma, ndipo oonera amachidziwa. Chikangoyamba amayi amapinda mikeka, ana amabalalika.

Malo a nyimbo ndi pamene munthu wa m'sewero mawu amuthera. Mayi wauzidwa kuti mwana wake wa zaka 14 akwatiwa chifukwa chimanga chinapita ndi madzi, malowolo alandira kale. Pamaso pa mwamuna ndi alamu ake sangayankhe. Apo ndiye aimbe. Agogo athu ankatero pamtondo, kudandaula za apongozi osatchula dzina, mudzi wonse n'kumva. Asena ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates m'chigwa cha Zambezi ku Mozambique ankadzudzula nkhanza za mabwana kudzera m'nyimbo ya Paiva, zinthu zomwe sakadaziyankhula pamaso. Lamulo loti ukwati uyambire zaka 18, lomwe linalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017, alinene mphunzitsi kapena mfumu ya m'seweromo. Nyimbo isenze ululu wa mayiyo basi.

Pali sewero lina lomwe mpaka pano limandivutitsa mtima. Linachitika pamsasa wa anthu othawa madzi, namondwe Ana atadutsa mu Januwale 2022. Wokana kusamuka anamusandutsa chidakwa, thalauza lomanga ndi luzi, akugwa m'matope achinyamata n'kumafa nazo. Okhala kutsogolo sanaseke. Bambo wina wachikulire anatola ndodo yake sewero lili mkati n'kuchoka, anzake n'kumutsatira mmodzimmodzi. Amenewo ndiwo anali eni nkhani.

Olembawo sanafunse chifukwa chake munthu wa ku Makhanga kapena m'mbali mwa Ruo amabwerera kudimba madzi akaphwa. Kudimba amakolola chimanga ndi mbatata m'chilimwe, nsomba zili pafupi. Kumtunda malo ndi a eni, mjigo ndi wa eni, nyakwawa yosamuka imakakhala mlendo kwa nyakwawa inzake, manda a makolo amatsala okha. Ndale zenizeni za sewero la madzi osefukira zili pamenepa, pa funso loti malo apereke ndani, ndipo alonjeza kangati osakwaniritsa. Wokana kusamukayo mpatseni nyimbo yabwino kuposa zonse. Mlangizi wa boma naye mpatseni yake yolemera, yokumbutsa madzi a 2015, Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023. Mbali zonse zikalemera, oonera amayamba okha kukangana, ndipo mkangano umenewo ndiwo mukuufuna.

Pabwalo penipeni, sewero lisapitirire mphindi 40, nyimbo zitatu kapena zinayi, iliyonse yosafika mphindi zitatu. Mzere wovomera ukhale waufupi, woti gogo augwire ataumva kawiri. Tengani mayimbidwe a utse kapena likhuba, kapena itanani woimba valimba. Mukakakamiza mawu a Chisena kapena Chimang'anja pa mayimbidwe achilendo, mawu amapindika, anthu amamva phokoso lokha. Ng'oma ikhale kumbuyo kwa oimba ndipo izitsika woyambitsa nyimbo akamatchula mawu. Masewero ambiri amafera apa: wang'oma watenthedwa, uthenga wonse wamira. Oonera azungulira bwalo, choncho woimba azitembenuka, mzere wofunika aubwereze mbali ziwiri. Mu Okutobala musayambe isanakwane 4 koloko; dzuwa la kuno silikhululuka.

Zovala ziyang'aneni. Nsalu yabuluu, yachikasu kapena yofiira pa munthu woipa wa m'sewero, ena aona chipani, nkhani ya madzi yathera pomwepo. Dzudzulani mpando, dzina la phungu lisatchulidwe. Komanso musagwere mbali inayo, yosandutsa sewero nyimbo yotamanda amene wapereka ndalama. Dziko lino linaimbapo zotamanda kwa zaka makumi atatu, masewero akuyamba apita kaye kukaunikidwa ku bungwe la boma la Censorship Board mwa lamulo la 1968. Sitingabwerere kumeneko mwa kufuna kwathu.

Chenjerani ndi odzitcha akatswiri obwera ndi sewero lolembalemba kale m'chikwama, kukuphunzitsani masiku awiri, kujambula zithunzi, kusayinitsa mayina n'kubwerera kutauni. Afunseni kuti agona masiku angati m'mudzimo. Njira imene a Chancellor College Travelling Theatre anagwiritsa ntchito kumidzi ya ku Liwonde m'ma 1980 inali yoyamba kumvetsera anthu, kutola nyimbo zawo, kenaka kupanga sewero pamodzi nawo. Wodumpha zimenezi amakusiyirani manyazi pamaso pa abale anu, iye atapita.

Ndipo musachedwe. Sewero la madzi osefukira loonetsa mu Januwale lachedwa kale, anthu ali m'matenti, misewu ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, yaduka. Mvetserani anthu mu Julayi, yeserani mu Ogasiti, muzungulire midzi mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yoti mafumu akhoza kukhala pansi n'kukambirana za malo mvula isanagwe.