Bokosi latsopano la magetsi likakana kulowa pakati pa matabwa a khoma

Kwathu, kumene nyumba zambiri ndi za njerwa, wamagetsi amangosema khoma mpaka bokosi la mabuleka litalowa. Ku America ndi ku Canada ntchitoyi ndi ina. Makoma ambiri kumeneko ndi a matabwa oimirira, otchedwa stud, ovekedwa mabolodi opyapyala otchedwa drywall, ndipo bokosilo limakhala pampata wa pakati pa matabwa awiri. Mpatawo ndi womwe umalamula.

Matabwawa amaimikidwa motalikirana mainchi 16, kuyeza kuchokera pakati pa thabwa lina kufika pakati pa linzake. Thabwa lotchedwa 2x4 kukula kwake kwenikweni ndi inchi 1.5 ndi mainchi 3.5, choncho mpata wotsala ndi mainchi 14.5, pafupifupi mamilimita 368. Mabokosi ambiri a masiku ano, monga a mtundu wa Square D Homeline, m'lifupi mwake ndi mainchi 14.25. Chotsala ndi kotala ya inchi basi, mamilimita 6. Thabwa likangopindika pang'ono pouma, kapena mmisiri womanga akaphonya mzere, kotala ija yatha. M'nyumba zakale kwambiri, momwe matabwa anali ochindikala mainchi 2 athunthu, mpata umatha kukhala mainchi 14 okha. Bokosi lakale lomwe mukuchotsalo mwina linali laling'ono, n'chifukwa chake vutoli silinkaoneka.

Ndiye musanagule kanthu, yezani mpatawo m'malo atatu: pamwamba, pakati ndi pansi pa pomwe bokosi lidzakhale. Muyezo wocheperawo ndi umene muutenge. Ikaninso levulo pathabwa lililonse, chifukwa matabwa opendekeka amatha kupereka muyezo wabwino paliponse koma bokosi n'kukhala mopendama.

Moto uyambe wazimitsidwa ndi kampani ya magetsi. Kuthimitsa buleka yayikulu sikokwanira, chifukwa mawaya akuluakulu ochokera ku mita amakhalabe ndi moto pomwe amangidwa pamwamba pa bulekayo. Kusintha bokosi kumafuna chilolezo komanso woyendera wa boma, ndipo m'madera ambiri ndi ntchito ya wamagetsi wokhala ndi laisensi.

Mpata ukaperewera pang'ono, mwina 1/8 ya inchi, palani nkhope ya m'kati ya thabwa ndi pulena kapena tchizulo, kutalika kwa bokosi kokha. Yambani mwafufuza misomali ndi mawaya okhomeredwa pathabwapo. Kupala pang'ono mbali zonse ziwiri kuli bwino kuposa kudya thabwa limodzi kwambiri.

Chomwe sitivomereza n'kukhomerera bokosi ndi hamala, kapena kulikoka ndi masikulu kuti lilowe mokakamiza. Chitsulo chake n'chopyapyala. Chikapindika, mabowo a chivundikiro sakumananso ndi a bokosi, chitseko sichitsekeka, ndipo chivundikiro cha m'kati chimakanikiza mabuleka kapena kusiya mipata pomwe chala chingafike pa moto. Bokosi labwino lilowe ndi manja, kenako lisungidwe ndi masikulu a m'mabowo a m'mbali omwe fakitale inaboola. Pakatsala kampata, ikani kathabwa kopyapyala musanamange sikulu, apo ayi mbali ya bokosi idzatsatira sikuluyo n'kupindika.

Kukaperewera kwambiri, funso ndi lakuti khomalo lanyamula chiyani. Ngati ndi longogawa zipinda, thabwa limodzi lingasunthidwe: dulani misomali pamwamba ndi pansi, likankheni, likhomeninso. Ngati lanyamula denga kapena chipinda cham'mwamba, musadule thabwa mwachisawawa. Malamulo a zomangamanga a ku America, otchedwa IRC, amalola kukumba thabwa la khoma lotere mpaka 25 peresenti ya m'lifupi mwake (mbali ya mainchi 3.5 ija), pomwe pa khoma losanyamula katundu ndi 40 peresenti. Kuchotsa thabwa lonse kumafuna mtanda wopingasa pamwamba, wotchedwa header, wokhala pa matabwa ake ouchirikiza, ndipo denga limayamba lachirikizidwa ntchito isanayambe. Nthawi zambiri m'galaja kapena m'chipinda chapansi, njira yosavuta ndi kukhoma plywood pakhoma n'kuika bokosi pamwamba pake.

Kuya nakonso kuli ndi lamulo lake. Bokosi lotere limaya pafupifupi mainchi 3.75, ndipo thabwa pamodzi ndi drywall ya theka la inchi zimapereka mainchi 4. Pakhoma la matabwa, malamulo a zamagetsi a ku America, otchedwa NEC, amafuna kuti mlomo wa bokosi ufanane ndi nkhope ya khoma kapena utuluke pang'ono, ndipo mpata wa drywall mozungulira usapose 1/8 ya inchi.

Chimene ambiri amachiiwala ndi polowera mawaya. Bokosi likathina pakati pa matabwa, mabowo a m'mbali atsekeka, mwatsala ndi a pamwamba ndi pansi. Werengani zingwe zonse ndi mabowo omwe alipo, ndipo muone ngati mawaya akale afika pa mabuleka atsopano, popeza bokosi latsopano kawirikawiri limakhala lalitali. Chingwe chilichonse chilowe kudzera m'cholumikizira chake kuti chitsulo chisachicheke, ndipo chikhomeredwe pathabwa osapitirira mainchi 12 kuchokera pabokosi.

Mukaganiza zosamutsira bokosi pampata wina wotakasuka, malowo akhale ndi danga la mainchi 36 kutsogolo, mainchi 30 m'lifupi ndi mafiti 6.5 m'mwamba, chogwirira cha buleka yapamwamba chisapose mafiti 6 ndi mainchi 7 kuchokera pansi, ndipo musakhale m'bafa kapena m'kabati ya zovala.