Mphaka akafa mwadzidzidzi, tisathamangire kunena za poizoni

Kwa zaka zambiri kuno ku Chipata ndakhala ndikumva kuti mphaka akafa mwadzidzidzi, kapena miyendo yake yakumbuyo ikafooka n'kuzizira, ndiye kuti aneba amudyetsa poizoni. Zanditopetsa, chifukwa zimadanitsa anthu.

Amphaka ena amatengera kwa makolo awo nthenda ya mtima. Mnofu wa mtima umakhuthala, magazi amaundana n'kukatseka mtsempha wopita kumiyendo, ngakhale mphakayo dzulo lake ankaoneka wathanzi. Imadziwika kwambiri pa mitundu ya Maine Coon ndi Ragdoll, koma amphaka athu wamba nawonso amadwala.

Mphaka wanu akagona, werengani kapumidwe kake. Akamapuma kopitirira 30 pa mphindi, mupite naye kwa dokotala wa ziweto akamupime mtima. Za poizonizo, chonde musamazifalitse musanamufunse dokotalayo.