Kupeka nyimbo pa siteji si chisawawa

Anthu ambiri akamva kuti gulu la nyimbo za rock limapeka nyimbo pomwepo pa siteji, amaganiza kuti oimbawo sakonzekera, aliyense amangokanda gitala mmene wafunira. Amadabwanso ndi otsatira gululo amene amagula matikiti a masiku atatu otsatizana, ati akukamvera zomwezomwezo. Zonsezi si zoona.

Taonani gulu la Phish, lomwe linayamba mu 1983 ku Burlington, m'chigawo cha Vermont ku America. Mu 2017 linaimba mausiku 13 mu holo yaikulu ya Madison Square Garden mu New York osabwereza nyimbo ngakhale imodzi. Osakonzekera sangazithe zimenezi, pakuti nyimbo zoposa 200 ziyenera kukhala m'mutu ndi m'zala zomwe.

Kupekako kumachitika mkati mwa nyimbo yodziwika kale. Mu gulu la Phish, mawu a nyimbo akatha, Mike Gordon amasintha pang'ono kayendedwe ka gitala ya besi, Jon Fishman pa ng'oma n'kumutsatira. Trey Anastasio amaleka kuthamangitsa gitala, n'kumangobwereza kachidutswa kamodzi podikira kuti Page McConnell ayankhe pa kiyibodi. Nyimbo ya mphindi zisanu imatha kufika mphindi 20. Luso lonse lagona pa kumvetserana, ndipo oimbawa analiyeserera kwa zaka zambiri.

Nthawi zina zimakanika ndithu, nyimbo n'kuzizira, ndipo otsatira gululi sabisa mawu. N'chifukwa chake konsati iliyonse amaitchula ndi tsiku komanso malo ake. Okonda Grateful Dead, gulu lina la rock lomwenso linkapeka nyimbo pa siteji, amatsutsanabe mpaka lero ngati konsati ya pa 8 May 1977 ku Cornell University inalidi yoposa zonse.