Khonsolo isanavomereze kugwetsa nyumba yakale, iyambe yadziwa chimene chikuiwononga

Mkangano wa nyumba zakale za pakati pa tauni umayenda m'njira yodziwika. Wamalonda amabwera ndi pulani ya mashopu osanjikizana, makhansala ena amawerengera misonkho ndi ntchito za achinyamata, ena amakumbutsa kuti nyumbayo ndi mbiri ya mzinda, ndipo pamapeto pake mawu amene amatseka pakamwa aliyense ndi akuti nyumbayo yatha, ingagwere anthu. Ine ntchito yanga ndi yoyeza nyumba ndi kulemba lipoti la mphamvu zake, choncho ndikufuna kufotokoza chifukwa chake mawu amenewa sayenera kulandiridwa pa msonkhano wa khonsolo ngati palibe katswiri amene wakwera kudenga, wagogoda makoma ndi kukumba pambali pa maziko.

Nkhaniyi ikukhudza Chipata kwambiri chifukwa tauni yathu ndi imodzi mwa zakale m'Zambia. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, kampani ya British South Africa inakhazikitsa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndipo malowa anali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene chigawochi chinaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia ndipo likulu linakhala Livingstone. Lusaka inadzakhala likulu mu 1935. Kuyambira pamene Chipata inapatsidwa ulemu wokhala mzinda mu 2017, malo a pakati pa tauni akufunidwa ndi anthu ambiri, ndipo nyumba yakale ya khonde lalikulu imene yakhala pa puloti yabwino imayamba kuoneka ngati chopinga.

Chinthu choyamba chimene makhansala ayenera kudziwa ndi chakuti mphamvu zonse sizili m'manja mwawo. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission limateteza nyumba zomangidwa lisanafike tsiku la 1 Januwale 1924, ndipo munthu saloledwa kuzisintha kapena kuzigwetsa popanda chilolezo cholembedwa cha bungweli, ngakhale atakhala mwini wa pulotiyo. Nyumba ya zaka za pambuyo pake ingathenso kutetezedwa ngati boma lailengeza kukhala chikumbutso cha dziko, monga zinachitikira ndi nyumba nambala 394 ya ku Chilenje mu Lusaka, imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo pa nthawi yomenyera ufulu. Nyumba ya ku Chilenjeyo ndi yaing'ono ndiponso yosakongoletsedwa, zimene zikusonyeza kuti lamulo limayang'ananso zimene zinachitikira m'nyumbamo.

Tsopano tibwere pa khoma lenilenilo. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zinamangidwa ndi njerwa zootcha, zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu, ndipo khoma lotere limamwa chinyezi m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe popanda vuto. Mavuto amayamba pamene wina, pofuna kukonza, amata khomalo ndi pulasitala wa simenti n'kupakapo penti wa mafuta. Chinyezi chochokera pansi chimasowa potulukira, chimakwera mkati mwa njerwa, ndipo patapita zaka pulasitalayo amatukumuka n'kuyamba kugwa zibenthuzibenthu. Mukagogoda ndi chala chopinda pamamveka ngati ng'oma, ndipo mukachotsa chibenthu chimodzi mumapeza nkhope ya njerwa itasanduka ufa wofiira, koma mukakanda pang'ono ndi msomali mumafika pa njerwa yolimba. Munthu wodutsa pamsewu amaona nyumba yovunda, pamene chimene chawonongeka ndi chikopa chokha.

Madzi a mvula ndiwo mdani wamkulu, makamaka kuno kumene tauni yazunguliridwa ndi mapiri ndipo madzi amatsetserekera kumisewu mwamphamvu. Lata limodzi likang'ambika, madzi amadonthera pa mtanda umodzimodzi chaka ndi chaka mpaka mutu wa mtandawo utawola pamene walowa m'khoma, ndipo chiswe chimatsatira thabwa lonyowalo. Kawirikawiri msewu ndi malo oyendamo anthu zakwezedwa kangapo kuyambira pamene nyumbayo inamangidwa, kotero kuti dothi lakunja lili pamwamba kuposa pansi pa m'nyumba, ndipo ngalande zatsekeka ndi zinyalala. Zonsezi zimakonzeka: kusintha malata, kudula ndi kulumikiza mitanda yowola, kutsitsa dothi lozungulira, kutsegula ngalande, kuchotsa simenti ndi kumata laimu. Khonde lalikulu lija, limene ena amafuna kuligumula kuti pakhale poimika magalimoto, ndilo limateteza makoma ku mvula ndi dzuwa, ndipo liyenera kukhala lomaliza kukhudzidwa.

Sindikunena kuti nyumba iliyonse ingapulumuke. Mng'alu wopendekeka wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotseguka kwambiri mbali imodzi, umasonyeza kuti maziko atsika, ndipo khoma limene lapendama kapena latupa pakati likayezedwa ndi chingwe ndi loopsa ndithu. Komabe ngakhale pamenepa funso limakhala lakuti kodi mng'aluwo ukukulabe kapena unaima kalekale. Timamata kachidutswa ka galasi kopingasa mng'aluwo, timalemba tsiku pambali pake, ndipo timadikira kuti dzinja ndi chilimwe zidutse. Galasi likapanda kusweka, ndiye kuti nyumbayo inakhazikika, ndipo mng'aluwo ungasokedwe ndi zitsulo. Lipoti limene lalembedwa ndi munthu amene anangoima panja n'kujambula zithunzi siliyenera kukhala maziko ogwetsera nyumba ya zaka 100, ndipo makhansala ali ndi ufulu wofunsa kuti ndani analipira lipotilo.

Pali ena amene amati nyumbazi ndi zikumbutso za atsamunda, ndipo sitiyenera kuwononga ndalama posunga manyazi athu. Maganizo amenewa ndimawalemekeza, chifukwa anthu anavutikadi pa makonde amenewo pa nkhani za msonkho ndi za malo. Koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kucheka matabwa anali agogo athu a m'midzi yozungulira, ndipo mwana wa sukulu amamvetsa bwino za msonkho wa nyumba akaimirira pamalo pamene unkaperekedwa.

Otsutsa kugwetsa nawonso ali ndi udindo umene nthawi zambiri amauzemba. Nyumba yotsekedwa imawonongeka msanga kuposa yogwiritsidwa ntchito, chifukwa palibe amene amaona dontho loyamba. Amene akufuna kuipulumutsa ayenera kupita ku khonsolo ndi yankho la funso lakuti mudzakhala ndani m'menemo ndipo lendi idzachokera kuti, kaya ndi maofesi, laibulale, malo ogulitsira ntchito za manja kwa alendo opita ku South Luangwa, kapena mashopu kutsogolo ndi chipinda cha mbiri kumbuyo. Mapuloti ambiri akale ali ndi bwalo lalikulu kuseri, ndipo nyumba yatsopano ingamangidwe kumeneko, yakaleyo n'kutsala kutsogolo, kotero kuti mwini malo sataya phindu lake.

Kwa nzika imene yamva kuti nyumba ina ili pangozi, njira yake ndi kulemba kalata kwa a Town Clerk ndi kutumiza ina ku bungwe la heritage lija, kufotokoza malo a nyumbayo ndi umboni wa zaka zake, monga zithunzi zakale, mapepala a puloti kapena mawu a achikulire amene anagwiramo ntchito. Pemphani khansala wa wodi yanu kuti nkhaniyo iimitsidwe mpaka katswiri wosadalira mbali iliyonse atayeza nyumbayo, ndiponso kuti pa nthawi yodikirayo denga likonzedwe mwezi wa Novembala usanafike, chifukwa dzinja limodzi la denga lotseguka lingathe kuwononga zimene zikanakonzeka ndi ndalama zochepa.