Mmene matebulo a Williams ndi Bally anasamukira mu kompyuta, ndi zomwe zinachitika mu 2018

Mkangano wa anthu okonda pinball (gemu yomenya kampira kachitsulo pa tebulo lopendekeka kuti upeze mapointi) ya pa kompyuta sukutha ayi, mpaka pano amafunsanabe kuti anagwira bwino ntchito ndani pakati pa FarSight ndi Zen Studios, makampani awiri omwe anasamutsira matebulo a pinball a Williams ndi Bally mu kompyuta, koma ambiri okanganawo nkhaniyi anaipezera pakati, nde tiyeni tibwerere kaye kumbuyo.

Kampani ya Williams, yomwe inalinso ndi dzina la Bally, inasiya kupanga makina a pinball mu Okutobala 1999 nkulimbikira za makina a juga poti ndalama zinali kumeneko. Matebulo ngati Medieval Madness anayamba kungokalamba, mphira kuuma, mababu kupsa, zipangizo kusowa. Oyamba kuwapulumutsa anali anthu wamba, Randy Davis anatulutsa Visual Pinball mu 2000, ena nkupanga PinMAME yomwe imayendetsa pulogalamu yeniyeni ya mu chip ya makinawo, moti malamulo a gemu, mawu ndi mapointi zimatuluka ndendende. Zaulere zonsezi, kungoti chilolezo cha eni ake panalibe.

FarSight, kakampani ka ku Big Bear Lake ku California, ndi amene analowera pakhomo, kulipira laisensi. Pinball Arcade yawo inatuluka mu 2012 ndipo kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotopetsa zedi, kupeza makina enieni, kumasula chilichonse, kujambula kachidutswa kalikonse mpaka timapulasitiki ta pamwamba pa ma bumper (tizitsa tomwe timabweza kampira kakatigunda), kenako kumanganso zonsezo mu kompyuta nkumayesa ngati kampira kachitsulo kakugunda ma flipper (timikono tomenyera kampira) monga kamachitira pa tebulo lenileni. Vuto linali pa matebulo ochokera ku mafilimu, pamenepo laisensi ya Williams payokha sikwana, umalipiranso eni filimu, eni nyimbo, ngakhale nkhope za ochita sewero. Nchifukwa chake anapita pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, kukapempha osewera, Twilight Zone mu 2012 anapempha madola 55,000 anthu nkupereka kuposa pamenepo, mu 2014 anachitanso chimodzimodzi pa The Addams Family, tebulo la 1992 lija linagulidwa makina oposa 20,000. Ndalama zimenezo zinachoka m'matumba mwa osewera, musaiwale pamenepa.

Kenako Meyi 2018, FarSight analengeza kuti laisensi ya Williams ndi Bally ikutha pa 30 Juni ndipo matebulo pafupifupi 60 asiya kugulitsidwa. Amene anagula kale anawasiyira, enawo anali ndi masabata ochepa basi, anthu anathamangira kugula usiku ndi usana. Mwini laisensi nthawi imeneyo anali Scientific Games yomwe inagula WMS, kampani yomwe inali mwini wa Williams, mu 2013. FarSight ananena kuti iwo ankafuna kupitiriza koma eni akewo ndi amene anakana kuwonjezera mgwirizano, ndipo zomwe zinalembedwa m'mapanganowo sizinatulutsidwe poyera, nde amene amalumbira kuti Zen anachita kulanda kumbali akungoganizira. Chooneka ndi maso nchakuti mu Seputembala chaka chomwecho Zen, ya ku Budapest, inalengeza kuti laisensi ili m'manja mwawo ndipo mu Okutobala matebulo anayi anali atatuluka kale mu Pinball FX3, Fish Tales, Junk Yard, Medieval Madness ndi The Getaway. Tebulo silimangidwa mwezi umodzi, aliyense angowerengera yekha.

Zen sanalowenso bwino kwenikweni, pa ma console (makina osewerera magemu pa TV) anasintha zojambula zina, kuveka akazi ojambulidwa pa matebulo, kuchotsa ndudu, mowa kusanduka zakumwa zozizilitsa kukhosi, ati kuti gemu ikhalebe yololedwa kwa ana. Kwa munthu amene amati cholinga nkusunga mbiri zimenezi zinawawa. Komabe tinene zoona, kayendedwe ka kampira ka Zen ambiri amati kakuposa ka FarSight komwe kanali kophweka mopitirira, ndipo mu 2022 anatulutsa Indiana Jones, tebulo lomwe FarSight sanalifikire. Koma Zen amayamba ndi matebulo otchuka ogulika msanga, pomwe FarSight ankatolera ndi osatchuka omwe, ndipo ena mwa amenewo chichokereni pa sitolo mu 2018 amene sanagule nthawi ija alibe poti nkuwagula mwalamulo.